Mmene mungatsatirire mabakiteriya osintha amoniya kukhala nitrate m'mabotolo a m'labotale

Mabakiteriya amene amasintha amoniya kukhala nitrite, kenako nitrate, ndi ovuta kuwagwira. Mukawapaka pa nutrient agar samera, chifukwa sadya shuga kapena msuzi wa nyama ngati anzawo. Mphamvu amaipeza pa amoniya kapena nitrite, ndipo matupi awo amawamanga ndi carbon dioxide wosungunuka m'madzi. Kuswana kwawo n'kwa pang'onopang'ono. Bakiteriya wamba wotchedwa E. coli amagawikana pa mphindi 20 zinthu zikakhala bwino, koma awa amafuna maola 8 kapena kuposa, ndipo m'madzi a padziwe amatha tsiku lathunthu kapena masiku angapo. Njira yowadziwira ndi kutsata ntchito yawo. Mumathira amoniya amene mukudziwa kuchuluka kwake, n'kumalondola kumene nayitrojeni wake akupita.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amaona amoniya akutsika m'botolo, n'kulemba kuti mabakiteriya agwira ntchito. Komatu amoniya amatsikanso ndere zikamudya, dongo likamugwira, kapena akauluka chifukwa pH yakwera. Umboni weniweni ndi woti zimene zachoka ku amoniya zioneke ku nitrite ndi nitrate, ndipo zisachitike m'botolo limene zamoyo zaphedwa. Malangizo onse ali m'munsimu akuteteza umboni umenewu.

Ogwira ntchitoyi ndi ndani

Gawo loyamba, la amoniya kupita ku nitrite, amaligwira ndi mabakiteriya monga Nitrosomonas ndi Nitrosospira, komanso tizilombo ta gulu la archaea. Woyamba wa archaea otere, Nitrosopumilus maritimus, anapezeka mu 2005 m'thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere ku Seattle. Gawo lachiwiri, la nitrite kupita ku nitrate, mabuku akale amalipereka kwa Nitrobacter, koma m'madzi opanda mchere amene amachuluka kawirikawiri ndi Nitrospira. Mu 2015 zinadziwikanso kuti mitundu ina ya Nitrospira imachita magawo onse awiri yokha, ndipo imatchedwa comammox. Zimenezi muzikumbukire pomasulira zotsatira, chifukwa botolo lina lidzatulutsa nitrate popanda nitrite kuwunjikana, ndipo sikuti mwalakwitsa.

1. Mabotolo ndi madzi

Pezani mabotolo 12 agalasi, a kukamwa kwakukulu, olowa malita 2.5 kapena 3. Lililonse mudzathiramo madzi malita 2. Atsukeni ndi hydrochloric acid wosungunula gawo limodzi pa magawo 10, kenako tsukuluzani katatu ndi madzi a distilled. Sopo musagwiritse, ndipo mabotolo amene munakhalapo mankhwala ophera tizilombo asiyeni. Thirani malita 2, n'kulemba mzere kunja kwa botolo pamene madzi alekezera. Mzerewu udzakuuzani madzi amene auma.

Madzi abwino ndi a komwe mukufufuzako, kaya ndi dziwe la makumba, dambo kapena m'mphepete mwa nyanja. Tungani malita 30 tsiku limodzi, asefeni pa nsalu yothina kuti tizilombo ndi zinyalala zitsale, n'kuwasunga mu mdima. Musanathiremo kanthu, yezani pH, alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kugwa asidi akalowamo), amoniya, nitrite ndi nitrate. Madzi a m'nyanja ya Malawi amakhala ndi pH ya cha m'ma 8 ndipo sasinthasintha msanga. A m'mitsinje yotsika m'mapiri monga Mulanje ndi Zomba amakhala ndi alkalinity yochepa, moti pH imagwa msanga ntchito ikayamba. A pamjigo nthawi zina amabwera ndi nitrate wawo kale, komanso okosijeni wochepa.

Ngati mulibe kuchitira mwina koma madzi a pampopi, dziwani kuti klorini amapha mabakiteriyawa. Apopereni mpweya maola 48 m'chidebe chosavundikira, kenako yezani ndi piritsi la DPD. Madzi akachita pinki ngakhale pang'ono, klorini akadalimo.

2. Pokhala pawo ndi mbewu yake

Mabakiteriyawa sakonda kuyandama. Amamatirira pa mchenga, pa timiyala ndi m'mbali mwa botolo. Choncho yalani mchenga wa kumtsinje wokhakhala, wotsuka bwino mpaka madzi ake ayere, wokwana sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka pansi pa botolo lililonse. Uyezeni pa sikelo kuti ukhale wofanana m'mabotolo onse.

Mbewu yake ndi matope a padziwe pomwepo. Palani a pamwamba okha, sentimita imodzi yoyambirira, aja ofiirira. Akuda a pansi, onunkha ngati dzira lovunda, mulibe okosijeni, ndipo omwe mukuwafunawo ndi ochepa mmenemo. Tengani malo asanu kapena asanu ndi limodzi, sakanizani m'chidebe chimodzi, sefani pa sefa ya mamilimita 2, ndipo gwiritsani ntchito tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Musawaumitse m'firiji ya ayezi ndipo musawamange m'jumbo yothina. Botolo lililonse lilandire magalamu 20 a matope onyowa. Sungani magalamu ena 20 kuti muwaumitse pa madigiri 105 mpaka kulemera kusiye kusintha, mudziwe kuti mwa magalamu 20 aja ouma ndi angati.

Mabakiteriya a m'mabotolo ogulitsidwa kwa oweta nsomba za m'magalasi sangakuuzeni kanthu za dziwe lanu. Ngati cholinga n'kuphunzitsa ophunzira kuti aone ntchitoyi msanga, siponji ya mu sefa ya thanki ya nsomba imene yagwira ntchito miyezi ingapo ndi mbewu yabwino kuposa imeneyo.

3. Mankhwala oti mukonze

Chilichonse chisungunulidwe mu lita imodzi ya madzi a distilled, chilembedwe dzina ndi tsiku, ndipo chisungidwe m'firiji.

Wa amoniya: magalamu 3.819 a ammonium chloride. Mililita imodzi imakhala ndi miligalamu imodzi ya nayitrojeni.

Wa nitrite, woyezera: magalamu 4.926 a sodium nitrite. Ameneyu sachedwa kuwonongeka, mukonzenso pakatha mwezi.

Wa nitrate, woyezera: magalamu 7.218 a potassium nitrate.

Wa soda: magalamu 12 a sodium bicarbonate.

Wa ATU, woimitsa gawo loyamba: magalamu 5 a allylthiourea.

Chiwerengero cha soda chili ndi chifukwa chake. Miligalamu iliyonse ya nayitrojeni wa amoniya ikasanduka nitrate, imadya alkalinity yokwana mamiligalamu 7.14 poyerekeza ndi calcium carbonate, zomwe ndi pafupifupi mamiligalamu 12 a soda. Ndiye mukakonza motere, nthawi iliyonse mukathira mamililita 4 a amoniya muzithiranso mamililita 4 a soda, osavutikanso ndi masamu. Soda wophikira therere ndi yemweyo ndipo amagwira ntchito, bola akhale wa m'paketi yolembedwa bwino. Feteleza wa urea musamuyese kulowa m'malo mwa ammonium chloride, chifukwa ayenera kuyamba waphwanyidwa ndi tizilombo tina, ndipo simungadziwe kuti amoniya walowa liti m'madzi.

Manambala anu onse muziwalemba monga nayitrojeni. Timabokosi tambiri toyezera madzi a nsomba timapereka kulemera kwa nitrite kapena nitrate yense. Nambala ya nitrite igaweni ndi 3.28, ya nitrate ndi 4.43, ya ammonium ndi 1.29. Osatero, masamu anu adzaonetsa ngati nayitrojeni waswana m'botolo.

4. Magulu anayi, mabotolo atatuatatu

Gulu A ndi matope amoyo ndi amoniya. Gulu B ndi matope ophedwa ndi amoniya. Gulu C ndi matope amoyo opanda amoniya wothira. Gulu D ndi matope amoyo, amoniya ndi ATU.

Gulu B ndi lakale ngati phunzirolo. Mu 1877, ku France, Schloesing ndi Müntz anadutsitsa madzi a m'zimbudzi mu chubu chodzaza mchenga ndi choko. Patapita masiku pafupifupi 20 nitrate anayamba kutuluka, ndipo atalowetsa chloroform ntchitoyo inaima. Pamenepo ndi pomwe zinadziwika kuti osintha amoniya ndi zamoyo, Sergei Winogradsky asanazipatule mu 1890. Inu chloroform simukumufuna. Ikani mchenga, matope ndi madzi a gulu B mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 30, ndipo mubwereze m'mawa mwake. Pressure cooker ya kukhitchini imathanso ntchitoyi. Musadabwe gulu B likayamba ndi amoniya wochulukirapo kuposa A, chifukwa kuphika matope kumamasula amoniya wa m'matupi a tizilombo takufa. N'chifukwa chake botolo lililonse liyenera kuyezedwa palokha pa tsiku loyamba.

Gulu C limaonetsa amoniya amene matope amatulutsa okha zinyalala zikamawola. M'matope a dziwe limene mumathiridwa manyowa a nkhuku kapena madeya, ameneyu amatha kukhala wambiri ndithu.

Mu D thirani mamililita 4 a ATU, zomwe ndi mamiligalamu 10 pa lita. ATU amagwira kopa (mkuwa) amene enzyme yotchedwa ammonia monooxygenase imafuna, ndiye gawo loyamba limaima pomwe zamoyo zina zonse zili moyo. Amoniya akatsika mu D popanda nitrite kapena nitrate kukwera, mwapeza gawo limene likudyedwa ndi tizilombo tina. Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Archaea amapirira ATU kuposa mabakiteriya, choncho nitrite wochepa atha kuonekabe. Komanso ATU amaphwanyika m'kupita kwa masiku, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi nayitrojeni. Gulu D lidalireni masabata awiri oyamba, kupitirira apo manambala ake amayamba kusokoneza.

Siyani mabotolo usiku umodzi kuti matope akhazikike. M'mawa thirani mamililita 4 a amoniya ndi 4 a soda mu A, B ndi D. Izi zikupereka mamiligalamu 2 a nayitrojeni pa lita. Dikirani ola limodzi mpweya ukusakaniza, n'kutunga sampulo yoyamba.

5. Mpweya, kutentha ndi mdima

Miligalamu imodzi ya nayitrojeni imafuna mamiligalamu 4.57 a okosijeni kuti ifike ku nitrate: 3.43 pa gawo loyamba, 1.14 pa lachiwiri. M'botolo lanu muli mamiligalamu 4 a nayitrojeni, ndiye pakufunika okosijeni woposa mamiligalamu 18. Pa madigiri 25 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, lita ya madzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 8.3. Ku Lilongwe, komwe ndi kokwera mamita oposa 1,000, imasunga cha m'ma 7.3. Malita awiri ndiye ali ndi osakwana 15, ndipo tizilombo towoletsa zinyalala tikufunanso wathu. Popanda pampu ntchito imaima panjira.

Pampu imodzi ya thanki ya nsomba yokhala ndi timapaipi togawira imakwanira. Botolo lililonse likhale ndi kamwala kake ka thovu, kolendewera masentimita atatu pamwamba pa mchenga kuti kasavundule matope. Thovu likhale lofatsa ndi lofanana m'mabotolo onse. Timavalavu ta mkuwa tipeweni, gwiritsani ta pulasitiki. Paipi yopita ku gulu B iikeni sefa ya 0.2 µm kapena thonje lophikidwa, ndipo gululi likhale ndi sirinji yakeyake. Okosijeni akhale pamwamba pa mamiligalamu 5 pa lita. Akatsika pansi pa 2, oyamba kufooka ndi osintha nitrite.

Magetsi akamazimazima, khalani ndi pampu ya mabatire pafupi, ndipo lembani m'buku maola amene pampu inaima. Maola awiri kapena atatu saononga zambiri. Usiku wonse umaonekera pa graph.

Kutentha kwabwino ndi madigiri 25 mpaka 28. Mu June ndi July zipinda za kumtunda monga Dedza ndi Mzuzu zimazizira kwambiri usiku, ndipo pansi pa madigiri 15 ntchito imayenda mwaulesi. Ikani mabotolo onse m'beseni lalikulu limodzi la madzi lokhala ndi chotenthetsera cha thanki ya nsomba. Musandandalike a gulu limodzi mbali imodzi, asakanizeni, kuopa kuti mungadzayeze kusiyana kwa malo n'kumati ndi kwa mankhwala.

Kuwala kumafooketsa mabakiteriyawa, ndipo kumameretsa ndere zomwe zimalimbirana nawo amoniya. Kutani mabotolo ndi pepala la aluminiyamu kapena vundikirani beseni lonse ndi nsalu yakuda. Pakamwa pa botolo pakhale chivundikiro chosathina.

6. Kutunga ndi kuyeza

Tungani katatu pa sabata, ola lomwelomwelo. Yambani ndi kubwezera madzi a distilled mpaka pa mzere uja, chifukwa madzi akauma mankhwala amaoneka ngati achuluka. Dikirani mphindi 10. Yezani kutentha, pH ndi okosijeni, kuyambira gulu B, mutatsuka zoyezera. Kenako tungani mamililita 20 ndi sirinji pakati pa botolo, sefani pa sefa ya 0.45 µm, ndipo bwezerani mamililita 20 a madzi opanda amoniya wothira. Kutunga kulikonse kukuchotsa gawo limodzi pa 100 la zili m'botolo. Kumaoneka kochepa, koma mukatunga ka 18 mwachotsa pafupifupi magawo 17 pa 100.

Nitrite muyezeni tsiku lomwelo, kapena pasanathe maola 48 sampulo ili m'firiji. Sampulo ya nitrite musaithire asidi posunga. Mankhwala ake ndi a Griess: mu mamililita 80 a madzi thirani mamililita 10 a phosphoric acid wa 85 peresenti, sungunulani galamu imodzi ya sulfanilamide, kenako magalamu 0.1 a NED (N-(1-naphthyl)ethylenediamine dihydrochloride), n'kudzaza mpaka mamililita 100. Asungeni m'botolo lakuda m'firiji, amakhala mwezi. Pa mamililita 5 a sampulo thirani 0.2, dikirani mphindi 10, n'kuwerenga pa 543 nm pasanathe maola awiri. Ndi cuvette ya sentimita imodzi, mzere umawongoka mpaka cha m'ma mamiligalamu 0.18 pa lita basi. Choncho ma standard (madzi a nitrite wodziwika kuchuluka, ofananizira sampulo) akhale 0, 0.02, 0.05, 0.10 ndi 0.15, ndipo sampulo za m'sabata yachiwiri ndi yachitatu zisungunuleni ka 10 kapena ka 20. Sampulo ikachita pinki wamphamvu nthawi yomweyo kenako n'kuzilala kapena kusanduka yachikasu, nitrite wachuluka mopyola, osati wachepa.

Amoniya muyezeni ndi njira ya phenate pa 640 nm, mtundu wa buluu utakhwima kwa ola limodzi pamalo opanda kuwala kwambiri. Nayonso imafuna kusungunula, chifukwa imawongoka mpaka mamiligalamu 0.6 pa lita. Njira ya salicylate ndi yabwinonso ndipo ilibe phenol. Ya Nessler ili ndi mercury, ndipo madzi ovunduka amainamiza. Musayeze amoniya m'chipinda chimene wina watsegula botolo la ammonia solution, chifukwa blank yanu (madzi opanda amoniya ofananizira) idzachita buluu.

Nitrate ndiye wovutirapo. Njira za cadmium ndi vanadium chloride zimamubweza kukhala nitrite, ndiye nambala yotuluka ndi ya onse awiri, muchotsepo nitrite amene munayeza padera. Timabokosi ta m'sitolo timachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake timaonetsa nitrate wambiri nitrite akakhala pamwamba. Njira ya UV ndi yotchipa ngati muli ndi cuvette ya quartz: werengani pa 220 nm ndi pa 275 nm, n'kuchotsa kawiri nambala ya pa 275. Chochotsacho chikaposa gawo limodzi pa 10 la nambala ya pa 220, madziwo ali ndi zinyalala zosungunuka zambiri ndipo njirayi siyoyenera. Nitrite ndi ATU nawonso amayamwa kuwala kwa UV, choncho pa gulu D njirayi isiyeni.

Amene mukuyeza okosijeni ndi njira ya Winkler, gwiritsani ija yokhala ndi azide. Nitrite amakweza nambala ya Winkler wamba.

7. Zimene muyembekezere, ndi kutseka masamu

Mu gulu A, pa madigiri 25 mpaka 28, masiku oyamba pamakhala zii. Kenako amoniya amayamba kutsika, nitrite n'kukwera, kawirikawiri m'sabata yoyamba kapena yachiwiri. Nitrite amafika pachimake, n'kukhala pamenepo masiku angapo podikira kuti omudya achuluke, kenako amagwa msanga nitrate akukwera. Amoniya ndi nitrite onse akatsika pansi pa 0.1, thiraninso mamililita 4 a amoniya ndi 4 a soda. Ulendo wachiwiri umafulumira. Botolo lakhwima likamamaliza mamiligalamu 2 pa lita m'maola 24 popanda nitrite wotsala, ndipo zimenezi zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Tsiku lililonse loyeza, phatikizani manambala atatuwo ngati mmene wa golosale amatsekera buku madzulo, katundu wotuluka afanane ndi ndalama za m'kabati. Tiyerekeze kuti poyamba munali amoniya 2.0, nitrite 0 ndi nitrate 0.3, pamodzi 2.3. Pa tsiku la 14 mwapeza 0.4, 1.1 ndi 0.6, pamodzi 2.1. Mwatunga ka 6, ndiye mumayembekezera cha m'ma 2.16. Masamu atseka. Koma mukapeza 1.2, nayitrojeni wina wathawa, ndipo magulu ena aja ndi amene akuuzeni njira yake.

Ngati B nalonso lataya amoniya, nkhani si ya zamoyo. Onani pH. Pa madigiri 25, amoniya amene ali mu mtundu wouluka ndi pafupifupi 0.6 peresenti pa pH 7, 5 peresenti pa pH 8, ndi 36 peresenti pa pH 9. Thovu lamphamvu pa pH yokwera limamuulutsa. Ngati pH ili bwino koma kutsikako kunachitika m'masiku awiri oyamba n'kuima, ndi dongo lamugwira. Tsimikizani pomaliza: magalamu 5 a matope mu mamililita 50 a potassium chloride wa magalamu 149 pa lita, khutchumulani ola limodzi, sefani, yezani amoniya.

Ngati B lili bwino koma A likutaya, makamaka nitrate akakwera kenako n'kumatsika, m'matope mwanu muli malo opanda okosijeni momwe mabakiteriya ena akusintha nitrate kukhala mpweya wa nayitrojeni. Yang'anani pansi pa botolo. Madontho akuda ndi timathovu tokodwa mu mchenga ndi chizindikiro chake. Mchenga wachindikala, kapena matope ali ndi zowola zambiri. Kwa amene akufufuza dziwe lenileni ichi si cholakwika, ndi mmene dziwe limatayira nayitrojeni, koma chiyenera kulembedwa ndi dzina lake.

8. Zikakanirira

Nitrite akakwera n'kukana kutsika masabata awiri kapena atatu, yambani ndi pH ndi kuchuluka kwa amoniya. Osintha nitrite amafooka ndi amoniya wouluka uja kuyambira pa mamiligalamu 0.1 mpaka 1 pa lita, pomwe osintha amoniya amapirira 10 kapena kuposa. Munthu wothira mamiligalamu 10 pa lita pa pH 8.5 poganiza kuti afulumizitse zinthu amakhala ndi 1.5 wouluka, ndipo wadzitsekera yekha gawo lachiwiri. Siyani kuthira amoniya, onani okosijeni, dikirani. Ngati madzi anu ndi a distilled kapena a m'phiri, mwina phosphate wasowa. Sungunulani magalamu 4.39 a potassium dihydrogen phosphate mu lita, n'kuthira mamililita 0.2 m'botolo lililonse, magulu onse.

Ntchito ikayamba bwino kenako n'kuima amoniya akadalipo, kawirikawiri pH yagwa. Pansi pa 6.5 amafooka kwambiri, pofika 6 amangotsala pang'ono kuima. Thirani soda mililita imodziimodzi mpaka pH ibwerere pakati pa 7.5 ndi 8. Musakweze kamodzin'kamodzi.

Pakatha masabata atatu popanda chilichonse, ganizirani klorini m'madzi obwezera, asidi wotsukira amene sanatsukuluzike, kuzizira, kapena matope amene anauma asanafike m'botolo. Nitrite akaoneka mu B, gululo lalowedwa, ndipo manambala ake kuyambira tsiku limenelo musawawerengere.

9. Kuyeza liwiro

Mabotolo akakhwima mutha kufunsa kuti akugwira ntchito mofulumira bwanji. Njira yosavuta ndi kutseka gawo lachiwiri kuti nitrite yense wopangidwa awunjikane, popeza nitrite ndiye wosavuta kuyeza molondola. Chotsekera chake ndi sodium chlorate.

Tengani magalamu 50 a mchenga wonyowa wa m'botolo la A, ikani mu flask ya mamililita 500. Thirani mamililita 200 a madzi osefa, mililita imodzi ya amoniya, mililita imodzi ya soda, ndi magalamu 0.21 a sodium chlorate. Konzani ma flask atatu otere, ndi lachinayi loonjezeramo mamililita 0.4 a ATU. Tsekani ndi thonje, kutani kuti musalowe kuwala, ikani pa shaker. Tungani mamililita 2 pa ola 0, 2, 4, 6 ndi 8. Musapitirize mpaka masiku, chifukwa chlorate amasanduka chlorite amene amafooketsa magulu onse awiri, komanso mabakiteriya amayamba kuswana n'kukweza nambala.

Jambulani nitrite motsatana ndi maola, n'kutenga gawo lowongoka lokha. Tiyerekeze wakwera kuchoka pa 0.05 kufika 0.65 m'maola 6. Ndiye kuti ndi mamiligalamu 0.10 pa lita pa ola. Chulukitsani ndi malita 0.2, mupeza mamiligalamu 0.020 pa ola. Mchenga uja ukauma n'kulemera magalamu 40, liwiro ndi mamaikrogalamu 0.5 a nayitrojeni pa galamu pa ola. Nambala imeneyi ndi ya pamene chakudya ndi mpweya zili zokwanira. Padziwe, usiku okosijeni atatsika, liwiro limakhala locheperapo, ndipo lipoti lanu linene zimenezo.

Liwiro la gawo lachiwiri limayezedwa motembenuza: m'malo mwa amoniya thirani mamililita 0.4 a sodium nitrite uja, onjezani ATU, chlorate ayi, n'kutsata kutsika kwa nitrite.

Mukafuna kuyesa kutentha, pH, mchere kapena mankhwala a m'munda okokoloka kupita kudziwe, gwiritsani ma flask omwewa ndi mchenga wochokera m'chidebe chimodzi chosakaniza bwino. Sinthani chinthu chimodzi chokha, ma flask atatu pa mlingo uliwonse.

Sodium chlorate akaumira pa pepala, pa thonje kapena pa malaya amayaka moto mosavuta, ndiye potayikira patsukeni ndi madzi ambiri. Sodium nitrite ndi poizoni ndipo amafanana ndi mchere wa patebulo, asakhale m'botolo losalembedwa. Zotsala za phenol, cadmium ndi Nessler zisonkhanitseni m'mabotolo awoawo, osathira mu sinki.

10. Ngati mukufuna kudziwa mayina awo

Manambala a nayitrojeni amakuuzani ntchito, koma sanena kuti waigwira ndani. Pa zimenezo pamafunika DNA. Tengani matope kapena mchenga wa pamwamba wokwana theka la galamu pa tsiku loyamba, pachimake pa nitrite, ndi pomaliza, muike m'timachubu toyera n'kuumitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro. Ngakhale labotale yanu ilibe makina a PCR (ochulukitsa zidutswa za DNA) lero, sampulo zoumitsa zitha kutumizidwa kwina. Ma primer (tizidutswa ta DNA tosankha jini yoti ichulukitsidwe) odziwika a amoA-1F ndi amoA-2R amatulutsa chidutswa cha ma base pair 491 ndipo amagwira Nitrosomonas ndi Nitrosospira. Archaea ndi comammox amafuna ma primer awoawo, ndipo Nitrospira osintha nitrite amafufuzidwa ndi jini ya nxrB. Gel ikatuluka yopanda mzere pomwe botolo likumaliza amoniya m'maola 24, yesani ma primer a magulu enawo, ndipo sungunulani DNA ka 10 musanabwereze PCR, chifukwa matope a padambo amakhala ndi humic acid amene amaitsekereza.